Madamu afunsa: kodi Caster Semenya ndi mwamuna, kapena azungu angomuchitira nsanje?

Imelo iyi yachokera kwa mayi wina mphunzitsi wa pa CDSS ina m'chigawo chapakati, apempha kuti dzina lawo ndisalitchule ndiye ndizingoti Madamu. Ndaidula pang'ono poti inali yaitali. Akuti:

"Achimwene, ine ndimayang'anira zamasewero pasukulu pathu. Tili ndi mtsikana wa fomu 2 wothamanga moopsa, pa 800 ndi 1500 ku zoni kuno palibe womupeza, koma tikapita kokapikisana anthu a sukulu zina amakuwa kuti ameneyo ndi mwamuna mumuvule tione. Mwanayo ndi wamtali, mawu okulirapo, pachifuwa palibe kwenikweni. Mu sitafu rumu nkhani inafika kwa Caster Semenya, ena akuti ndi mwamuna amabera akazi, ena akuti azungu amangomuda poti ndi wakuda. Zoona zake ndi ziti? Nanga mwana wangayu nditani naye?"

Madamu zikomo polemba. Ndiyambe ndi yankho lalifupi kuti bandulo ikakutherani pakati mukhale mutatolapo kanthu. Caster Semenya, wothamanga mamita 800 wa ku South Africa, sanabere munthu aliyense. Atabadwa mu 1991 anthu anati mwana wamkazi, makolo anamulera ngati mtsikana kumudzi kwawo ku Ga-Masehlong ku Limpopo, zitupa zake zonse zimati mkazi ndipo mwini wake amadziwa kuti ndi mkazi. Zoti mwamuna anavala buluma kuti akadye mamendulo a akazi palibepo apa. Koma anzanu amene akuti ndi nsanje ya azungu basi nawonso akuzemba mbali ina, thupi la Caster lili ndi chinachake chimene akazi ambiri alibe ndipo chinthucho chimathandiza pothamanga. Mu sitafu rumu mwanumo mwaphatikiza mafunso awiri, lakuti Caster ndi ndani, ndi lakuti malire a mpikisano wa akazi adutse pati. Loyambalo silovuta ayi. Lachiwirilo ndi limene lazunguza mitu ya madokotala, maloya ndi majaji kuyambira kale Caster asanabadwe n'komwe.

Nkhani inaphulikira ku Berlin pa 19 August 2009, fainolo ya mamita 800 pa mpikisano wa dziko lonse. Caster anali ndi zaka 18 zokha. Mu 2008 ku Pune ku India anawina mpikisano wa achinyamata a Commonwealth ndi 2:04, kenako mu July 2009 ku Mauritius anathamanga 1:56.72, ndiye inu monga kochi mukudziwa kuti kudula masekondi pafupifupi 8 pa 800 chaka chisanathe si zamasewera, akuluakulu a IAAF, bungwe limene pano likutchedwa World Athletics, anayamba kununkhiza. Kununkhizako sindikuwadera, ndi ntchito yawo, bwenzi mwina atapeza mankhwala. Chimene chinalakwika ndi choti kutatsala maola ochepa kuti fainolo iyambe nkhani inali kale m'manja mwa atolankhani ndipo bungwelo linavomera pagulu kuti eya, mtsikanayu tikumuyeza ngati alidi mkazi. Tangoganizani mwana wa msinkhu wa fomu 4 akulowa mu sitediyamu yodzaza, makamera onse akumuyang'ana pachifuwa ndi pakhosi. Anathamangabe. Pa laundi yachiwiri anangowachokera anzakewo, anamaliza 1:55.45, Janeth Jepkosgei wa ku Kenya amene anali katswiri wa dziko lonse nthawi imeneyo anafika patadutsa masekondi pafupifupi awiri ndi theka, Jenny Meadows wa ku Britain wachitatu. Ku msonkhano wa atolankhani Caster sanapiteko, pampando pake panakhala mlembi wamkulu wa IAAF, Pierre Weiss, kumayankha mafunso a thupi la mwana wa eni ake.

Pali dzina limodzi ndikufuna mulisunge, Mariya Savinova wa ku Russia. Tsiku limenelo anamaliza wachisanu, atolankhani atamufunsa za Caster anangoti tangomuonani. Wa ku Italy, Elisa Cusma, anachita kunena kuti kwa iye ameneyu si mkazi. Savinova yemweyo ndi amene anadzamupitirira Caster pa mpikisano wa dziko lonse ku Daegu mu 2011 komanso ku Olympics ya ku London mu 2012, konse kuwiri Caster siliva iye golide.  Mu 2017 khoti la zamasewero la CAS ku Lausanne linapeza kuti Savinova ankagwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa, anamulanda mamendulowo ndipo golide anapita kwa Caster. Ndiye pa anthu awiriwa wakuba analipodi, koma anali uja amene pomuona palibe anamukayikira. Anthu okuwa ku zoni kwanuko mudzawauze imeneyi.

A ku South Africa nawonso manja awo sanali oyera. Mkulu wa bungwe lawo la zothamanga, Leonard Chuene, anakanitsitsa kwamtuwagalu kuti iwo sanamuyezepo mwanayu, uku akukuwa za tsankho, kenako mu September 2009 anavomera kuti ananama, anamuyeza ku Pretoria asananyamuke kupita ku Berlin, ndipo Caster amati iye ankaona ngati ndi zoyeza mankhwala zanthawi zonse zija. Mwezi womwewo nyuzipepala ina ya ku Australia inatulutsa zimene inati ndi zotsatira za kuchipatala. Mwanayo za thupi lake anazimvera limodzi ndi dziko lonse. Anakhala pansi osapikisana mpaka July 2010.

Tsopano za thupizo, ndilankhula mosabisa koma mwaulemu. Ku bayoloje tinaphunzira kuti mkazi ndi XX mwamuna ndi XY, belu n'kulira. Nthawi zambiri zimaterodi. Koma mwana akamaumbika m'mimba pamadutsa masitepe angapo ndipo sitepe iliyonse itha kuyenda mwina. Pa chromosome ya Y pali gene yotchedwa SRY imene imayambitsa kuti mkati mupangike ziwalo zotulutsa testosterone, homoni yachimuna, kenako thupi liyenera kuimva testosterone ija, ndiye palinso enzyme ina, 5-alpha reductase, imene imaisandutsa homoni ina yamphamvu yoti iumbe ziwalo zakunja zachimuna mwana asanabadwe. Enzyme imeneyi ikasowa mwana atha kubadwa kunja akuoneka wamkazi, mzamba aliyense anganene kuti mwabereka mtsikana, koma mkatimo chiberekero mulibe, ndipo akamatha msinkhu testosterone imakwera kufika pa mlingo wa anyamata ndipo thupi limaigwiritsa ntchito, minofu, mafupa, magazi onyamula mpweya, zonse. Za mtundu umenewu ndi zimene zinatchulidwa pa mlandu wa Caster, iye mwini mu 2023 ananena poyera kuti chiberekero alibe, ziwalo zotulutsa testosterone ali nazo mkati, koma zimenezo sizimuchotsera ukazi wake. Pali mtundu winanso woti munthu ali ndi XY, testosterone ilipo yambiri koma thupi siliimva olo pang'ono, ameneyo amakula ngati mkazi wina aliyense ndipo pa masewero testosterone yakeyo simupindulira kanthu. Madokotala zonsezi amaziika pamodzi n'kumati DSD, kutanthauza kusiyana kwa mmene ziwalo zachimuna kapena zachikazi zinaumbikira. Ndi zosiyana ndi nkhani ya ma transgender, anthu amene anabadwa n'kuleredwa ngati anyamata n'kudzasintha atakula, pa Facebook anthu amangosakaniza zonse.

Kuyeza akazi sikunayambire pa anthu akuda, ichi anzanu a nsanje ya azungu aja achimve. Mu 1966 ku Budapest pa mpikisano wa ku Ulaya akazi ankafola osavala pamaso pa madokotala. Anthu atanyansidwa nazo kunabwera zopala mkati mwa tsaya n'kuyang'ana ma chromosome, mu 1967 Ewa Kłobukowska wa ku Poland anachotsedwa, ndipo kuyambira 1968 ku Olympics akazi anayamba kuyenda ndi kachitupa kotsimikiza kuti ndi akazi. Mu 1985 María José Martínez-Patiño wa ku Spain, wothamanga modumpha timipanda tija, anaiwala kachitupako popita ku Kobe ku Japan, anamuyezanso, zotsatira XY. Anamuuza kuti anamizire kuvulala achoke mwakachetechete, chaka chotsatira kwawo anakana kunamizira, anathamanga n'kuwina, nkhani inatuluka m'nyuzi, anamuthamangitsa ku hostelo ya othamanga, sikolashipu inatha, chibwenzi chinatha. Chikhalirecho anali wa mtundu uja woti thupi silimva testosterone, mu 1988 anamubwezera ufulu wothamanga koma zaka zake zabwino zinali zitapita. Ku Atlanta mu 1996 anayeza akazi oposa 3,000, mwa iwo 8 anapezeka ndi SRY, atawaunika bwinobwino onse 8 analoledwa kupikisana. Mu 1999 a IOC, bungwe loyendetsa Olympics, anangoti zoyeza aliyensezi tazisiya.

Apa ndi pamene tsankho linapezera khomo. Atasiya kuyeza aliyense anayamba kuyeza okhawo amene wina wawakayikira, ndipo kukayikira kumayambira m'maso. Ndiye taonani mayina amene akhala akumveka chiyambireni: Santhi Soundarajan wa ku India analandidwa siliva wa 800 wa ku Doha mu 2006, Dutee Chand wa ku India yemweyo anachotsedwa mu timu ya ku Glasgow mu 2014, Caster, Francine Niyonsaba wa ku Burundi, Margaret Wambui wa ku Kenya, Annet Negesa wa ku Uganda, Christine Mboma ndi Beatrice Masilingi a ku Namibia. Mzungu mulibemo. Chifukwa chimodzi n'choti ku maiko olemera mwana wotere nthawi zambiri madokotala amamudziwa akadali wamng'ono, pamene mtsikana wobadwira kumudzi kapena pa kachipatala kopanda labu amakula osadziwa kalikonse mpaka tsiku limene wawina mpikisano waukulu. Koma chifukwa chachiwiri tisachibise, maso amene amaweruza kuti uyu sakuoneka ngati mkazi anazolowera mkazi wa maonekedwe ena ake. Ku Rio mu 2016 Joanna Jóźwik wa ku Poland atamaliza wachisanu ananena kuti akusangalala poti ndi woyamba mwa a ku Ulaya komanso mzungu wachiwiri kumaliza. Anadzapepesa pambuyo, koma mawu anali atatuluka kale.

Ya Negesa ndiye imandiwawa kuposa zonse. Anali katswiri wa 800 akukonzekera London 2012, anamuimbira kuti magazi ako ali ndi vuto, anamutumiza ku Nice ku France kokayezedwa, kenako ku Kampala anamupanga opaleshoni yochotsa ziwalo zamkati zija. Iye amati sanamufotokozere kuti ndi opaleshoni yotere, ankaona ngati ndi kanthu kakang'ono, anadzuka ali ndi mabala pamimba, ndipo liwiro lake silinabwererenso, kenako anakapempha malo okhala ku Germany. A World Athletics amakana kuti sanalangizepo munthu kuti apangidwe opaleshoni. Koma mu 2013 madokotala a ku France analemba okha lipoti la atsikana 4 othamanga, a zaka 18 mpaka 21, ochokera kumidzi ya maiko osauka, amene anawapanga maopaleshoni otere ngakhale sankadwala.

Ndiye mwina mukuti basi achimwene mwaima mbali ya Caster. Dikirani kaye, mbali inayo ili ndi mfundo ndipo si onse amene amainena ndi atsankho. Funsani kuti n'chifukwa chiyani pali mpikisano wa akazi paokha. Rekodi ya amuna pa 800 ndi 1:40.91 ya David Rudisha wa ku Kenya, London 2012. Ya akazi ndi 1:53.28. Kusiyana masekondi oposa 12, ndipo m'mipikisano yambiri yothamanga amuna amaposa akazi ndi 10 mpaka 12 peresenti, gwero lake lalikulu ndi testosterone ya pa kutha msinkhu. Akazi ambiri testosterone yawo sifika 2 nmol/L (umenewo ndi muyeso wake m'magazi), amuna imayambira cha pa 8 mpaka kufika cha m'ma 29. Atachotsa malirewo anyamata a ku sekondale a ku Kenya akhoza kumaliza mamendulo onse a akazi. Ndiye ku Rio kuja nambala wani Caster 1:55.28, nambala thuu Niyonsaba, nambala fili Wambui, ndipo onse atatu anadzapezeka kuti malamulo a DSD akuwakhudza. Chinthu chosowa kwambiri pakati pa anthu koma chatenga mamendulo onse atatu a Olympics, simungauze Melissa Bishop wa ku Canada amene anamaliza wachinayi kuti zinangochitika. Lynsey Sharp wa ku Britain analira pa TV anthu anamunyoza, koma nayenso anali atathera moyo wake wonse pa malaundi awiri amenewo.

Ngakhale nthawi za Caster mwini zimanena kanthu. Kuyambira 2010 mpaka 2015 ankamwa mapilitsi olera otsitsa testosterone, ndipo ngakhale panalinso kuvulala liwiro linatsika, ku Beijing mu 2015 sanafike ndi mu fainolo momwe. Chaka chomwecho Dutee Chand anawina mlandu ku CAS, lamulo la testosterone linaimitsidwa, Caster anasiya mapilitsi. Mu April 2016 ku Stellenbosch anawina 400, 800 ndi 1500 tsiku limodzi. Kuchokera apo mpaka 2019 pa 800 sanagonjepo, mipikisano 30 ndi kuposerapo yotsatizana, ndipo mu 2018 ku Paris anathamanga 1:54.25.

Ena amati nanga Michael Phelps ali ndi mikono yaitali bwanji samuletsa kusambira, ya basiketibo ija ili ndi zimphona bwanji sazichotsa. Ine mfundo imeneyi sindimaigula kwenikweni. Palibe mpikisano wa anthu a mikono yaifupi, koma wa akazi ulipo, ndipo gulu lililonse lokhala ndi dzina limafuna malire. Zili ngati mpira wa under 17 kwathu kuno, tonse tinaonapo under 17 wometa ndevu m'mawa uliwonse ndipo tikudziwa kuti ana enieni amaponderezedwa, ndiye palibe amanena kuti malire a zaka achotsedwe. Kusiyana kwake n'koti wa ndevu uja amadziwa chaka chimene anabadwa ndipo akunama dala, pamene Caster sanabise kanthu, sankadziwa n'komwe. Malire ndi ofunika, koma munthu amene wapezeka kunja kwa malire asakudziwa si wakuba ndipo sayenera kuchitidwa ngati wakuba.

Chimene ine ndimakana ndi mmene malirewo akhala akuwakokera uku ndi uku, komanso zomwetsa mankhwala munthu wosadwala. Mu 2011 a IAAF anati testosterone ya wopikisana ngati mkazi isapose 10 nmol/L. Mu 2018 anati 5, koma pa mipikisano yoyambira mamita 400 mpaka mailosi imodzi yokha, imene mwangozi, eti, inali yomwe Caster amathamanga. Kafukufuku amene anadalira, wa Stéphane Bermon ndi Pierre-Yves Garnier wa mu 2017, anaonetsa kusiyana pa 400, 400 yodumpha timipanda, 800, kuponya hamala ndi kudumpha ndi ndodo, koma hamala ndi ndodo sanaziike mu lamulo, 1500 ndi mailosi zimene kafukufukuyo sanazionetse anaziikamo. Mu 2021 olembawo anatulutsa chikonzero chovomera kuti ntchito yawo sinatsimikize kuti testosterone ndi imene inachititsa kusiyanako. Zotsatira zake zinali zoseketsa zomvetsa chisoni, Mboma ku Tokyo mu 2021 anamuletsa 400 n'kumulola 200, anawina siliva, ndiye munthu yemweyo ndi mkazi pa theka la laundi koma pa laundi yathunthu ayi. Niyonsaba anasamukira ku mitunda yaitali, chaka chomwecho anaphwanya rekodi ya dziko lonse ya mamita 2000 ku Zagreb. Mu March 2023 anati chabwino, 2.5 pa mipikisano yonse, kwa zaka ziwiri. Caster amati mapilitsi aja ankamudwalitsa, kunenepa, kutentha thupi, m'mimba kupweteka, ndipo anakana kumwanso. Bungwe la madokotala la World Medical Association mu 2019 linauza madokotala kuti asatenge nawo mbali pa malamulo amenewa. Taonaninso kutembenuka kwake, bungwe limene limaletsa othamanga kumwa mankhwala kuti asinthe liwiro linalamula ena kumwa mankhwala kuti asinthe liwiro.

Za makhoti ndingodutsamo. Pa 1 May 2019 CAS inagamula, majaji awiri kwa mmodzi, kuti lamulolo ndi losankha ndithu koma kusankhako n'kofunikira poteteza mpikisano wa akazi. Caster anachita apilo ku khoti lalikulu la ku Switzerland, mu 2020 analuza. Anapita ku khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya ku Strasbourg, mu 2023 anawina 4 kwa 3, ndipo pa 10 July 2025 majaji a chipinda chachikulu cha khotilo anati khoti la ku Switzerland silinaunike mlandu wake mokwanira. Anthu ambiri anaposta kuti Caster wawina abwerera, ayi, chigamulocho sichinafafanize malamulo a World Athletics, ndipo iye anali kale ndi zaka 34. Anayesako 5000, ku Eugene mu 2022 sanadutse mu gawo loyamba.

Kenako tinazungulira n'kubwerera pamene tinachoka. Kuyambira 1 September 2025 World Athletics ya a Sebastian Coe inalamula kuti mkazi aliyense wofuna kupikisana pa mipikisano yake ikuluikulu ayezedwe SRY, kamodzi pa moyo wake, ndi kathonje ka mkati mwa tsaya kapena magazi. Ubwino wake ulipo umodzi umene ndiuvomera, akuyeza aliyense, wa tsitsi lalitali ndi wometa, mzungu ndi wakuda, maso achotsedwa ntchito. Koma ndi yomwe ija ya ku Atlanta anaisiya mu 1999, ndipo Andrew Sinclair, katswiri wa ku Australia amene anatulukira gene ya SRY mu 1990, ananena poyera kuti gene yokhayo siingakuuze zonse za thupi la munthu. Ku France lamulo la dziko sililola kuyeza kotere popanda chifukwa cha chipatala moti othamanga awo anachita kukayezetsa kunja. Funso langa ndi lomwe lija la Berlin, mtsikana wa zaka 17 wa ku Africa kuno zotsatira zikatuluka kuti SRY ilipo, amuuza ndani, m'chipinda chanji, pali amayi ake kapena pali mabwana a bungwe ndi mafoni m'manja. Ku IOC nako mtsogoleri ndi mnzathu wa ku Zimbabwe, Kirsty Coventry, atangoyamba ntchito mu June 2025 ananena kuti akufuna kuteteza mpikisano wa akazi, ndiye musaganize kuti nkhaniyi ndi ya azungu okhaokha kumbali inayo.

Zokuwa zija mukumva ku zoni si zachilendo. Tabitha Chawinga anauzapo atolankhani kuti ali wamng'ono akusewera mpira kuno kumudzi anakakamizidwapo kuvula kuti anthu atsimikize kuti ndi mkazi, lero anthu omwewo akumuombera m'manja akamagoletsa ku Ulaya. Barbra Banda wa ku Zambia anasiyidwa pa mpikisano wa akazi wa mu Africa ku Morocco mu 2022 pa nkhani zomwezi, mu 2024 BBC itamusankha kukhala wosewera mpira wamkazi wa chaka anthu pa intaneti anamutukwana zosaneneka. Mtsikana wa kuno akakhala ndi mphamvu anthu amafuna chifukwa china osati choti amalimbikira.

Ndiye mwana wanuyo. Choyamba, asavulidwe, ndi wina aliyense, pena paliponse, kaya ndi mayi mnzanu mphunzitsi wati tingomuona ku toileti kuti nkhani ithe. Imeneyo ndi nkhanza kwa mwana ndipo siyeza chilichonse, mwaona kale kuti ngakhale madokotala a ku Budapest anaisiya njira imeneyo. Wina akadandaula alembe kalata kwa oyendetsa mpikisano, inu muonetse zitupa za sukulu ndi za kubadwa basi, ndipo ahedi anu adziwe zimene zikuchitikazi kuti musamamenye nkhondoyi nokha. Kutalika, mawu aakulu ndi chifuwa chaching'ono si umboni wa kanthu, atsikana ambiri othamanga mitunda imeneyi ndi owonda choncho chifukwa cha ntchito ya kuthamangayo. Nkhani ya thupi lake ichoke mu sitafu rumu, aphunzitsi akamaikamba ana amamva, ndipo kamva ana kafika kumsika.

Pali chimodzi chokha choti mungachite mwakachetechete, osati chifukwa cha okuwawo koma chifukwa cha umoyo wake. Mtsikana aliyense, wothamanga kapena ayi, akafika zaka 15 kapena 16 asanayambe kusamba ndi bwino aonane ndi dokotala ali ndi mayi ake kapena womulera. Nthawi zambiri kwa othamanga chifukwa chake chimakhala chakudya chochepa ndi thireningi yambiri, thupi limangoimitsa kaye, ndipo zimenezo zimafooketsa mafupa ndiye n'zofunika kuzidziwa. Zikakhala zina, ndi bwino azimve kwa dokotala, banja lili pomwepo, kusiyana ndi kudzazimva ali pa bwalo la ndege ndi timu ya dziko. Zotsatirazo ndi zake ndi makolo ake, inu ngakhale ahedi simuyenera kuziona. Ndipo musamuyambitse nkhaniyi ngati mukumukayikira, muikambe kwa atsikana onse a mu timu monga nkhani ya umoyo.

Akakhala ndi mpata muonetseni fainolo ya 800 ya ku Tokyo ya mu September 2025, ili pa YouTube. Mary Moraa anaithamangitsa laundi yoyamba ngati wopenga, Keely Hodgkinson wa golide wa ku Paris 2024 anatsogola potulukira pa kona yomaliza, kenako Lilian Odira wa ku Kenya anatulukira kunja n'kuwadutsa onse mamita omaliza, 1:54.62, Georgia Hunter Bell 1:54.90, Hodgkinson 1:54.91. Akazi atatu pansi pa 1:55 mu mpikisano umodzi, onse mwachangu kuposa mmene Caster anathamangira ku Berlin ndi ku Rio. Ena ati ndi nsapato zatsopano za masiku anozi ndipo mbali ina akunena zoona. Koma rekodi ija ya 1:53.28 ndi ya Jarmila Kratochvílová wa ku Czechoslovakia, anaiika ku Munich mu July 1983, nthawi imene maiko a kum'mawa kwa Ulaya ankatchuka ndi zomwetsa othamanga mankhwala, ngakhale iye sanagwidwepo ndipo amakana. Caster pa liwiro lake lonse anaiperewera ndi pafupifupi sekondi yathunthu, Pamela Jelimo mu 2008 anafika 1:54.01, ndipo pofika kumapeto kwa 2025 inali ikadali m'mabuku.